Mbale za Apongozi pa Phwando la Agiriki

Ndiyambe ndi kutchula mboni zanga, chifukwa nkhani iyi ndikaifotokoza pamowa anthu amayamba kuyang'anana. Mboni yoyamba ndi a Sakala, amene ankayendetsa galimoto ya buledi. Anaona zonse, ndipo anali munthu wosadziwa kunama. Anamwalira. Yachiwiri ndi ba Mulenga, ali moyo ndithu ku Chawama, koma ndikupemphani kuti musakawafunse, chifukwa chake muchimva posachedwa. Yachitatu ndi mkazi wanga, amake Tisa, amene mukangoitchula nkhaniyi amatuluka n'kukasesa pabwalo posesedwa kale. Yachinayi ndi chipsera. Chili pamalo poti sindingakuonetseni tisanadziwane bwino.

Zinali zaka zija za chipani chimodzi, pamene ogulitsa m'masitolo ankatandala akupukuta mashelefu opanda kanthu. Ukaona mzere unkayamba waimapo kaye, kenako n'kufunsa wakutsogolo kuti akugulitsa chiyani. (Ine ndinaimapo maola awiri ndikuyesa ndi mzere wa mafuta ophikira, osadziwa kuti ndi wa katemera. Ndinabayitsa ndithu. Maola awiri si otaya.) Ndinkagwira ganyu pa bekale ya Mgiriki wina kumafakitale, ntchito yanga yonyamula buledi kuchoka ku uvuni kukalonga m'galimoto. Dzina la bwanayo linali lalitali ngati sitima ya katundu, ndiye tinkangoti Bwana Yani.

Ndinkakhala ku Matero, m'nyumba ya apongozi anga aakazi, kachipinda kakumbuyo. Mkamwini wa kumudzi amalima kuti aoneke munthu. Wa m'tauni alibe munda, ntchito yake ndi kuyenda monyang'ama ndi kutsokomola mwaulemu.

Pabalaza pa nyumbayo panali kabati yagalasi, ndipo m'kabatimo munali mbale zadothi khumi ndi ziwiri, zoyera mbee, za mzere wagolide m'mphepete ndi kaduwa kabuluu pakati. Malemu apongozi aamuna anali khukhi wa mzungu wina wa kunjanji, ndipo mzunguyo pochoka, dziko litalandira ufulu, anawasiyira mbalezo. Chilowere m'nyumbamo panalibe ndi imodzi yomwe imene inakhudzapo ndiwo. Abusa atabwera kudzacheza anawapakulira m'mbale yachitsulo, kungoti anawakhazika moyang'ana kabati. Lamlungu lililonse pochokera kutchalitchi, apongozi ankatsegula ndi kiyi, kuzipukuta imodzi imodzi, kuziwerenga mokweza, n'kutsekanso.

Tsono chaka chilichonse Agiriki a mu Lusaka ankachita phwando pabwalo la tchalitchi chawo. M'mawa mapemphero, kenako kudya zakwawo ndi kuvina zakwawo mpaka dzuwa kupendeka. Bwana Yani ankatenga anthu awiri atatu apantchito kuti akathandize. Ba Mulenga, wa pa uvuni, anali atapitako kawiri, ndipo anatiuza kuti anthu amenewo akakondwa kwambiri amatenga mbale n'kumaziphwanya pansi. Tinaseka mpaka misozi. Mumvetse, awa ndi ba Mulenga omwewo amene anatiuza kuti ku Mufulira analowa mumgodi n'kukatulukira ku Zaire, komanso kuti anamenyapo ng'ona chibakera mpaka inapepesa. Ndine ndemwe ndinawauza, pamaso pa anthu onse, kuti bodza lizikhalako ndi malire. Mawu amenewo muwasunge, tiwapezanso kutsogolo.

Chaka chimenecho ndinasankhidwa ine, ba Mulenga ndi a Sakala. Lachisanu dona wa bwana anabwera pa bekale nkhope itagwa. Anati mbale sizikukwanira, m'masitolo mulibe, ndipo aliyense amene ali ndi mbale zadothi kunyumba abweretse, ngakhale zakale, zobenthuka, zang'alu, zilizonse, iye amupatsa buledi.

Ku komboni kwathu izi si zachilendo. Pakagwa maliro kapena ukwati, mbale zimayenda nyumba ndi nyumba. Mwini wake amadontheza penti kunsi kuti azidziwe, mwambo ukatha zimatsukidwa n'kubwerera kwawo, nthawi zina ndi kanyama pamwamba. Ndiye ine ndinamva chisoni. Anthu olemera chonchi akadyetse wansembe wawo m'mbale yang'alu? Ndinaonanso mwayi, sindibisa. Ndinati bwana akadzaona kuti waganyu uyu amachokera m'nyumba ya mbale zagolide, andilemba ntchito yeniyeni. Apongozi anali atapita kumaliro ku Katete, kubwera Lolemba, ndipo kiyi anasiyira mwana wawo.

Kunyengerera amake Tisa kunanditengera Lachisanu madzulo ndi Loweruka lonse. Ndinawauza kuti mbalezo zikadyedwera ndi anthu odziwa mbale, kuti ndikazitsuka ndekha, kuti pofika Lamlungu madzulo zidzakhala zili m'kabati ngati sizinatulukepo. Pomaliza anandiponyera kiyi pamphasa.

"Atate ake Tisa, ikabenthuka imodzi chabe, mukagone kwa Agiriki komweko."

Ndinadontheza penti wofiira wa njinga kunsi kwa iliyonse, n'kuzikulunga m'zitenje, n'kuziika m'beseni. Lamlungu m'mawa ndinakwera galimoto ya a Sakala beseni lili pamiyendo ngati mwana wodwala. Pa dzenje lililonse ndinkawapempha kuti achepetse liwiro, moti bambo wina wokankha wilibala ya makala anatipitirira kawiri. Kachiwiriko anatipatsa moni.

Titafika tinapeza mapemphero ali m'kati, fungo la lubani likutulukira m'mawindo. Kukhitchini amayi anali piringupiringu. Dona anali ndi ufa mpaka m'zigongono, ndipo nditamuuza kuti ndabweretsa mbale sanasuzumire n'komwe m'beseni. Anangoloza ndi chibwano tebulo lina limene linali palokha, pafupi ndi bwalo lasimenti. Patebulopo panali mulu wa mbale zomvetsa chisoni zomwe sindinaonepo: zobenthuka, zachikasu ndi ukalamba, ina yomatidwa pakati. Ndinapukusa mutu. Ndinamasula zathu zija n'kuzisanjika pamwamba pa muluwo, kuti zikhale zoyamba kuoneka. (Pamwamba. Ndi manja anga awiriwa, palibe anandituma.)

Ntchito yanga inali yozunguliza nkhosa. Agiriki sadula nyama asanaotche. Amatenga nkhosa yathunthu, mutu ndi mano omwe, n'kuibaya ndi chitsulo chachitali kuyambira kumbuyo mpaka kukamwa, n'kuipachika pamwamba pa makala. Ndiye munthu umakhala pachitini n'kumapukusa chogwirira pang'onopang'ono, osaima, kuyambira m'mawa mpaka masana. Nkhosa zinali ziwiri, yanga ndi ya ba Mulenga. Yanga inkati ikazungulira imandiyang'ana, kenako n'kuyang'ana kumwamba, kenako n'kundiyang'ananso. Pano ndikaganiza ndimaona kuti inkadziwa.

Mapemphero atatha anthu anadzaza bwalo. Wansembe wawo anali ndi ndevu zofika pa lamba ndi chipewa chakuda chonga mtondo wovundikira. Anadalitsa chakudya moimba, ndipo kudya kunayamba. Ife anatibweretsera zathu pomwepo pamoto. Ndikufuna mundikhulupirire pa izi. Anthu okhala ndi magalimoto awiriawiri ankadya mpunga wokulunga m'masamba a mpesa, ndi masamba omwe, osasenda. Panali tizipatso takuda towawa ngati kwinini, ndipo ankatitola ngati mtedza. Panali chinthu choyera chamchere chonunkha ngati khola la mbuzi, ba Mulenga anati ndi tchizi. Panalinso kachasu wawo, woyera ngati madzi, koma ukathiramo madzi amasanduka mkaka. Ndinaona ndi maso anga. Ndinalawa kamodzi, anali mankhwala a chifuwa enieni, ndipo sindinadwalenso chifuwa zaka zinayi.

Chimene ndinkayang'ana kwambiri chinali tebulo lija. Anthu onse ankadyera m'mbale zina, ndipo mulu uja palibe anaukhudza. Ndinadzitonthoza kuti mwina zagolide azisungira za pamapeto, zotsekemera zija zauchi. Mumtima ndinakondwa. Ndinati mbale za apongozi zibwerera kwawo osaona ngakhale supuni.

Cha m'ma fili koloko oimba anayamba. Wina anali ndi chigitala cha mimba yozungulira ngati chipanda, ndipo ankachikanda mofulumira ngati chikumuyabwa. Amuna akuluakulu, eni masitolo ndi mabutchala, anagwirana m'mapewa n'kumayenda chammbali, wakutsogolo akugwedeza mpango. Kenako nyimbo inasintha n'kukhala yolemera. Onse anachoka pabwalo kutsala Bwana Yani yekha. Anatambasula manja, maso pansi, n'kumazungulira pang'onopang'ono ngati munthu amene wataya singano. Anzake anagwada bondo limodzi momuzungulira, akuomba m'manja.

Pamenepo mkulu wake wa bwana, chimunthu cha mimba, mwini butchala, anapita patebulo lija n'kutenga mbale yapamwamba. Anaikweza m'mwamba, golide uja n'kuwala padzuwa. Ine ndinati waona, akuonetsa anzake. Ndinamwetulira. Ndinatsala pang'ono kuimirira kuti adziwe mwini wake.

Anaimenyetsa pansi pamapazi a bwana.

Kwathu mwana akaphwanya kapu, nyumba yonse imati zii, ngakhale nkhuku panja zimaleka kutola. Ndiye ndinadikira chete ameneyo. Sanabwere. Anthu anaomba m'manja, ena akufuula kuti "Opa!" Ndinkadziuza kuti yamupulumuka, ndi ngozi, apepesa, pamene chimunthu chija chinatenga yachiwiri. Kenako yachitatu. Ba Mulenga sanandiyang'ane n'komwe. Anapitiriza kupukusa nkhosa yawo, n'kunena motsitsa mawu:

"Bodza lizinkhalako na malire, ai mwandi?"

Sindikumbukira kuimirira. A Sakala anati ndinalumpha moto wa makala, benchi ndi mayi wina wokhala pansi, zonse pakamodzi. Mbale yachinayi inali kale m'malere. Chibadwire sindinagwirepo pagolo, koma ndinaiwakha ndi dzanja limodzi itatsala chala chimodzi kuti ifike pasimenti.

Bwalo linati zii kwa kamphindi. Ndinati Mulungu wamva, tsopano ndifotokoze. Koma nditangotsegula pakamwa anthu anakuwa ndi chimwemwe, oimba n'kuwonjezera moto. Anaganiza kuti Bwana Yani wabweretsa sewero latsopano chaka chino. Mayi wina wa ndolo zazikulu anathamangira patebulo, n'kutenga yachisanu, ndipo m'malo moponya pansi anandiponyera ine. Ndinawakha. Wina anaponya yachisanu ndi chimodzi, mokweza kuti aone ngati ndingathe. Ndinatha. Tsopano ndinali ndi mbale zitatu pachifuwa, ndikufuula m'Chinyanja, m'Chingerezi ndi m'Chibemba chobwereka kuti ndi za apongozi, ndi za apongozi, koma chigitala chija chinkameza mawu onse. Iwo ankangoona munthu wakondwa.

Kenako awiri anaponya nthawi imodzi, wina kumanja wina kumanzere. Manja anali odzaza. Ndinangoima pakati n'kuziperekeza ndi maso, iyi kenako iyo.

Patebulo panatsala zinayi zathu. Ndinayamba kulowera komweko, koma kankhalamba kena kowonda, kovala suti yakuda, kamene tsiku lonse kanali kakugona pampando, kanadzuka n'kundipitirira. Kananyamula zinayi zonse pamodzi, kanazipsompsona, n'kuzigwetsa ngati mtolo wa nkhuni. Anthu anakanyamula m'mwamba. Pambuyo pake ndinamva kuti kanali kosunga chuma cha tchalitchi.

Zitatu zija ndinali nazobe. Bwana Yani, maso ali otseka ndi kukoma kwa nyimbo, anazungulira n'kufika pamene ndinaima. Anatsegula diso limodzi, anaona wantchito wake ataima ndi mbale, ndipo anaganiza zimene bwana aliyense angaganize, kuti ndamubweretsera. Anasolola imodzi. Ndinagwira. Anakoka, ndinakoka. Anthu anaseka poyesa ndi mbali ya sewero. Anapambana ndi iye, poti amadya nkhosa, ndipo anaiphwanyira pamutu pake penipeni. Wansembe, munthu wa Mulungu, anagwedeza ndevu movomereza.

Apa nzeru zinandibwerera pang'ono. Imodzi ndinailowetsa mu ovolosi, pachifuwa, n'kumanga mabatani. Inayo ndinaibisa kumbuyo ndi manja awiri n'kuyamba kubwerera chafutambuyo, ndikumwetulira anthu. Ndinaponda kachipatso kakuda kaja. Miyendo inapita kutsogolo, ine n'kukhala pansi, ndipo pansipo panali mbale. Mboni yachinayi ija inabadwa pamenepo.

Anthu anapenga. Bwana Yani anandidzutsa ndi manja ake, misozi ili m'maso, n'kuuza khamu lonse kuti pa antchito ake onse palibe wa mtima wa Chigiriki ngati ine. Anandipsompsona tsaya ili ndi ili, mwamuna mnzanga, ndevu zake zikununkha mankhwala a chifuwa. Kenako anandikumbatira ndi mphamvu zake zonse.

Kaphokoso kake kanali kakang'ono. Tinakamva awiri tokha, ine ndi iye. Anandisiya n'kuyang'ana pachifuwa panga modabwa, akuyesa wandithyola nthiti. Ndikanakonda ikanakhala nthiti.

Gule anapitirira ndi mbale zang'alu zija, zimene tsopano zinafikiridwa. Nkhosa yanga, imene ndinaisiya osazunguliza, inapserera mbali imodzi mpaka kuda bii, koma palibe anasamala. Ine ndinatenga beseni langa n'kugwada m'mphepete mwa bwalo, kutola zidutswa, kutembenuza chilichonse kufuna kadontho kofiira. Sindikudziwa kuti ndinkati ndikachita nazo chiyani. Mwina ndinkafuna kuti apongozi akhale ndi choika m'manda.

Ndili chogwada ndinaona nsapato zakuda zitaima patsogolo panga. Anali amayi ake a bwana, gogo wamfupi wovala zakuda kuyambira kumutu mpaka kumapazi, amene onse ankamutcha Yaya. Sankadziwa Chinyanja kapena Chingerezi, ngakhale moni. Anawerama n'kutola chidutswa m'beseni. Anayang'ana golide, anayang'ana kaduwa, anachigogoda ndi chikhadabo n'kumvetsera kulira kwake. Kenako anachitembenuza, n'kuona kadontho ka penti. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndinaloza chidutswacho, ndinaloza kumene kuli Matero, kenako ndinadzicheka pakhosi ndi chala.

Gogoyo analowa pakati pa gule osapempha njira. Anamugwira Bwana Yani khutu, munthu wa antchito makumi anayi, n'kumukokera pa beseni. Zimene ananena sindinamve liwu ndi limodzi, koma ndinazimvetsa zonse, chifukwa amayi akamakalipira mwana chinenero chimakhala chimodzi dziko lonse. Bwana anafiira ngati phwetekere. Anandifunsa chifukwa chake sindinanene, ndinayankha kuti ndinanena m'zinenero zitatu. Analumbira kuti abweza mbale, koma ndidikire, popeza m'dziko muno mbale zotere mulibe. Anandipatsa mwendo wa nkhosa, wa mbali yopserera, ndi buledi sikisi.

Amake Tisa atavundukula chitenje pa beseni sanalire. Anakhala pansi, anayang'ana zidutswa, anayang'ana buledi, n'kufunsa ngati ndingathe kukhala ku Zaire.

Lolemba masana apongozi anafika. Asanavule n'komwe nsapato anaona kabati. Mwa mwambo wathu mkamwini ndi apongozi sayang'anana m'maso kapena kuyankhulana mwachindunji, ndiye mlandu unazengedwa motere: iwo pampando kuyang'ana kabati yopanda kanthu, ine chogwada pakhomo kuyang'ana khoma (kukhala pansi sindikanatha, mukudziwa chifukwa), amake Tisa pakati kunyamula mawu, ngakhale chipindacho chinali chaching'ono moti tinkamvana kupuma.

"Afunse, kunali ndeu?"

"Akuti kunali ndeu?"

"Auzeni kuti kunalibe. Anthu anakondwa."

"Akuti anakondwa."

Apongozi anafunsa ngati galimoto inagubuduka, ngati tebulo linathyoka mwendo, ngati anthuwo anali amisala otuluka m'chipatala. Zonse ndinakana. Anafunsa ngati panalibe munthu wamkulu woti awaletse. Ndinati wansembe analipo.

"Ndiye anati bwanji wansembeyo?"

"Auzeni kuti anaomba m'manja."

Amake Tisa sanawanyamule mawu amenewo. Anangoyang'ana kudenga.

Apongozi anagamula kuti nkhaniyo ndi yopeka. Anati mbale ndagulitsa kwa amalonda a pamsika, n'kuphwanya imodzi kuti ndipeze zidutswa zonamizira. Madzulo anaitana atcheyamani a Chipani a m'dera lathu, amene masiku amenewo ankaweruza chilichonse, kuyambira nkhuku yosowa mpaka ukwati. Atcheyamani anamvetsera atavala baji pachifuwa, n'kunena kuti pa nthawi imene dziko likumanga lamba, sakhulupirira kuti pali mtundu wa anthu wophwanya mbale dala. Anati ndibweretse mboni. A Sakala anali atapita ndi buledi ku Kabwe. Ndinabweretsa ba Mulenga.

Anayamba bwino ndithu. Anafotokoza za gule, za chimunthu cha mimba, za kankhalamba ka suti. Apongozi anayamba kutchera khutu. Koma ba Mulenga akaona anthu akumvetsera, china chake chimawagwira. Anawonjezera kuti mbale zitatha Agiriki anaphwanya matebulo, kenako anagwetsa khoma la tchalitchi, ndipo ine ndinawakha belu. Atcheyamani anatseka kabuku kawo.

Chigamulo chinali chakuti ndikhalebe m'nyumbamo chifukwa cha Tisa, koma Khirisimasi ikafika mbale zisanabwere, ndinyamule kathumba kanga. Kufikira tsikulo, popeza ndaonetsa kuti mbale sindiziyenera, ndizidyera pa chivindikiro cha poto.

Chivindikiro chili ndi kachogwirira pakati, ndiye ukachitembenuza sichikhazikika. Chimapendama. Ndiwo zimathawira mbali imodzi, ukazitsata zimathawira mbali ina. Ndinadyera pamenepo miyezi inayi, ndipo ndinafika poti ndinkatha kudya therere osataya dontho, luso limene silinandithandizepo pena paliponse. Mu komboni ana ankandiitana kuti ba Opa. Kuntchito, bwana akandiona ankagwira khutu lake n'kunena kuti mawa, mawa. Ntchito yeniyeni ija sanandilembe. Anati munthu wosiya nkhosa pamoto sangamusiyire uvuni.

Loweruka lina, Disembala ali pakati ndipo kathumba kanga nditakayang'anapo kale kawiri, tinamva ana akukuwa mumsewu. Galimoto yaitali ya bwana inali ikubwera ikuzemba zithaphwi. Inaima pakhomo pathu. Munatuluka Yaya ndi zakuda zake, kumbuyo kwake Bwana Yani atasenza bokosi lamatabwa ngati waganyu. Gogoyo anali atatopa ndi mawa wa mwana wake. M'bokosimo, m'kati mwa udzu wouma, munali mbale zake za iye mwini, zimene anabwera nazo pa sitima yapamadzi ali mtsikana. Zinali khumi ndi zisanu ndi zitatu, ndi chimbale chachikulu cha nyama pamwamba. Golide wake anali wonenepa kuposa wa zathu zija.

Amayi awiriwo anakhala pabalaza. Apongozi anafulula tiyi m'makapu achitsulo. Wina ankayankhula Chigiriki, wina Chichewa cha ku Katete, ndipo anacheza ola lathunthu osasowa womasulira. Yaya anatenga mbale yachitsulo, anaikweza m'mwamba, anachita ngati akuimenyetsa pansi, n'kuloza mwana wake ndi chibwano. Apongozi anagwira pakamwa. Kenako nawonso analoza ine ndi chibwano, ndipo onse awiri anapukusa mitu mofanana. Ine ndi bwana tinaima panja padzuwa, osayang'anana. Zimene ndinalumbira miyezi inayi osakhulupiriridwa, apongozi anazikhulupirira kwa munthu amene sanamve liwu lake ndi limodzi.

Alendo atapita, apongozi anapukuta mbale imodzi imodzi, anaziwerenga mokweza kawiri, anatseka kabati, ndipo kiyi anaimanga pa chingwe n'kuivala m'khosi, kumene inakhala mpaka tsiku lawo lomaliza. Madzulo amenewo ndinabwezeredwa mbale yanga yachitsulo. Ndinadya movutika, ndinali nditazolowera kuthamangitsa ndiwo.

Ndikanakonda kukuuzani kuti tonse m'nyumbamo tinaphunzirapo kanthu. Ine ndinaphunzira kuti wabodza naye umufunse kawiri. Koma tikumaliza kudya, apongozi anayang'ana kabati, kenako anayang'ana makapu awo achikale asanu a pashelefu, awiri opanda zogwirira. Kenako anatembenukira kwa mwana wawo.

"Afunse atate ake Tisa. Chaka chamawa, Agiriki aja saphwanyako makapu?"